Mchere wa M'foni

M'nyumba mwathu mchere ndinkathira ndine, masiku anayi kapena asanu mwezi uliwonse. Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amati angadule anthu a m'nyumba, ayambe kutsokomola ndi kutupa miyendo. M'makomo ena nkhaniyi sivuta. Mayi amangoitana mwana wake, mwanayo n'kutapa mchere, n'kuponya mumphika, basi zatha. Ife tinakhala zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana woti timutume. Ndiye masiku akewo akafika, mkazi wanga ankaima pakhomo la kokaphikira, maso ali pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, bwerani mudzathire mchere." Ine ndinkadzuka, kukathira, n'kubwerera pampando wanga. Tonse tinkadziwa zimene mawuwo ankatanthauza, kuti mwezi unonso mwana kulibe.

Tinali anthu opemphera, ndipo kutchalitchi ankatiuza kuti zamcherezi n'zachikunja. Tinkangogwedeza mitu. Koma makolo athu anapita nawo mwambowu ku Zambia pothawa nkhondo, n'kubwera nawonso pamodzi ndi mapoto ndi mabulangete awo, ndipo mpaka lero sindidziwa mayi wa m'kwaya ndi mmodzi yemwe amene anausiya.

Ntchito yanga ndi ya mafoni. Ndili ndi kabaraka, kashopu kakang'ono, pamsika wa Fingoe, padenga pali masola atatu. Ndimatchaja mafoni, kusintha magalasi osweka, kuika nyimbo m'makadi. Ambiri obwera kwa ine ndi okumba golide, anthu ochokera kutali, ena Asilamu, ena Akhristu, ena osadziwika kumene amapemphera. Amabwera fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kukhala pabenchi panga kudikira kuti mafoni awo adzaze. Mmodzi wa iwo, bambo wamtali wa ku Manica amene ankaseka ngakhale pamene palibe choseketsa, ndiye anandiikira masewera ena ake m'foni mwanga. Iye ankangoti jogo, ifenso tinatengera momwemo.

Jogoyo inali yophika. M'foni mumaoneka chipinda chophikira, ndipo muli tianthu tiwiri ta mitu ikuluikulu, tovala zipewa zoyera. Aliyense amagwira foni yake n'kumayendetsa kamunthu kake. Mafoniwo amalumikizana okha, safuna kredito yoimbira kapena netiweki, imene kuno timati rede, bola mukhale pafupi. Pamwamba pamatuluka zakudya zimene alendo aitanitsa, supu, mpunga, nsomba yokazinga, ndipo nthawi imakhala ikutha. Pamafunika kudula anyezi, kuika mumphika, kuthira mchere, kupakula, kupereka pazenera, kutsuka mbale. Munthu mmodzi sangathe. Ukachedwa mphika umapsa, moto n'kugwira chipinda chonse. Pomaliza amakupatsani nyenyezi, imodzi, ziwiri kapena zitatu, monga mwa mmene mwagwirira ntchito.

Poyamba ndinkasewera ndi okumba golidewo, koma anthu aja sadziwa kugawana ntchito. Aliyense ankafuna kukhala wopereka mbale pazenera, wotsuka panalibe. Zinkathera kutukwanizana. Tsiku lina ndinapita nayo kunyumba, n'kuiika m'foni ya mkazi wanga, kafoni kothyoka pangodya kamene ndinamukonzera ndekha.

Anayang'ana, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo wamkulu ndi ndevu zanu, mukuphika m'foni? Inu amene simudziwa ndi pamene pamakhala mthiko pomwe?"

"Tayesa uone ngati n'zophweka," ndinatero.

Anaphunzira masiku awiri okha. Pa tsiku lachitatu anali atandiposa, ndipo zinandipweteka, sindinama.

Ndiyenera kufotokoza mmene nyumba yathu inalili jogoyi isanabwere. Sitinkamenyana, sitinkakangana. Tinangotha mawu. Anzathu amaitanana amake uje, abambo ake uje, ndipo amakhala ndi zokamba, za chifuwa cha mwana, za yunifolomu, za mano amene ayamba kumera. Ife tinkafunsana za mvula ndi za mtengo wa mafuta, kenako zii. Abale anga ankandinong'oneza zoti ndipeze wina. Abale ake ankabwera ndi mizu ya mitundumitundu. Tinamwa zowawa zambiri, tinapita kuchipatala, tinapemphereredwa mpaka mawondo kuchita zikang'a. Pofika chaka chachisanu ndi chimodzi tinkakhala ngati anthu awiri odikira galimoto imodzi pamsewu, oti sadziwana.

Jogo ija inabweza phokoso pakhomo pathu. Ndikatseka baraka dzuwa lisanalowe, ndinkathamangira kunyumba. Tinkakhala pakhonde, pamphasa imodzi, mapewa atagundana, n'kumakuwa.

"Anyezi! Anyezi ali kuti?"

"Akubwera! Phula mphikawo, ukupsa!"

"Mbale zatha, bambo, tsukani mbale!"

"Ndili ndi manja angati ine?"

Mayi wina wamasiye amene tinkagawana naye mpanda anathamangira kwathu tsiku loyamba, kapulana, nsalu yake yovala, ili m'manja, poganiza kuti nyumba yagwira moto. Atapeza kuti zopsazo zili m'foni anagwira pakamwa, n'kubwerera akung'ung'udza kuti dziko latha. Koma tsiku lina anandiuza kumbali kuti, "Achimwene, kuyambira pamene munabwera pano sindinamumvepo mlamu wanga akuseka chonchi. Zachibwana zanuzi musasiye."

Tinagawana ntchito bwinobwino. Ine ndinali wa mpeni ndi mbale, kudula ndi kutsuka. Iye anali wa miphika, kuika pamoto, kuthira mchere, kupakula. Ankadziwa kuti mphika wapsa asanauyang'ane n'komwe. Ine vuto langa ndi mtima. Ndine munthu wa mtima wapachala kuyambira ubwana, ndipo kuluza sindikufuna ngakhale pa bawo. Tikataya nyenyezi ndinkayamba kuwerenga zolakwa zake, zanga ayi. Masiku onse ndinkamuitana kuti mayi, koma m'jogo ankasanduka iwe. Iye ankangoseka, n'kunena kuti, "Abwana a hotela akwiya," kenako n'kuyambanso. Ndinkaganiza kuti kukalipa kwangako sikumufika pamtima, chifukwa kunali kwa m'masewera.

Kenako mwezi wina unatha osandiitana kukathira mchere.

Ndinawerenga masiku mumtima, n'kudziuza kuti mwina ndasokoneza. Mwezi wachiwiri unathanso. Madzulo ndinkakhala pakhonde khutu lili kokaphikira, kudikira mawu aja, koma ndinkangomva iye akutsegula chitini cha mchere yekha, n'kutseka. Sindinafunse. Kwathu mimba yaing'ono sitchulidwa, ndipo mwamuna amadikira kuti azimayi akuluakulu amuuze nthawi yake ikakwana. Komanso ndinkaopa. Ndinkaona ngati ndikangoitchula ndi pakamwa ithawa.

Ndiye tinkauzana m'njira zina. Ndinayamba kukatunga madzi panjinga, n'kumanama kuti ndikufuna kuwongola miyendo. Iye anasiya kudya usipa, ati ukununkha, n'kundiyang'ana cham'mbali kuti aone ngati ndamva. M'jogo, akamathira mchere mumphika, ankandigunda ndi chigongono pang'ono, akumwetulira. Mwezi wachitatu unatha. Ndinayamba kuyang'ana ngodya ya kuchipinda kwathu, kuyeza ndi maso ngati pangakwane kamphasa kena. Sindinakondwepo chotero moyo wanga wonse, ndipo sindinauze munthu.

Nthawi imeneyo tinali titafika pagawo lomaliza la jogo. Gawo limeneli linali lankhanza. Chipinda chinagawidwa pakati ndi tebulo lalitali, moti wophika sangawolokere kwa mnzake. Mbali yanga kunali mipeni ndi beseni lotsukira, mbali yake kunali moto, miphika ndi mchere. Chilichonse chofuna kupatsana chinkayenera kuikidwa patebulo lapakatilo. Kuti mumalize pankafunika nyenyezi zitatu, ndipo ife tinakhala masabata awiri tikungopeza ziwiri. Pabenchi la kubaraka panalibe amene anamaliza. Ine ndi pakamwa pangapa ndinadzitama pamaso pa onse.

"Ine ndi mayi akunyumba timaliza Lamlungu likubwerali. Lolemba ndidzakuonetsani nyenyezi zitatu."

Wa ku Manica uja anaseka mpaka kutsokomola. "Epa, mano, m'bale wanga! Ife amuna enieni zatikanika, ndiye inu ndi madona anu? Puronto, chabwino, tidzaona Lolemba."

Lachinayi la sabata imeneyo ndinapita ku Malowera. Wamalonda wina wa kumeneko ankafuna ndikamuikire sola pagolosale yake. Ndinakwera mota, njinga yamoto ya mnzanga, msewu uli wa miyala ndi mchenga, kumwamba mitambo yayamba kusonkhana. Ntchito inachedwa chifukwa waya anaperewera, ndipo kumene ndinali rede kunalibe. Ndinabwerera Lamlungu masana, msana ukuwawa, mutu uli pa nyenyezi zitatu zija.

Zimene ndinapeza pakhomo ndimazikumbukira chimodzichimodzi, ndipo n'zimene zimandisowetsa mtendere. Bwalo linali losesedwa, koma mizere ya tsache inali yopita kwina, osati mmene iye ankasesera. Pachingwe panali makapulana atatu ochapidwa ndi bulangete. Mkazi wanga anali atagona pamphasa pakhonde, atafunda mpaka m'khosi, kunja kukutentha. Pawindo panali mbale yovundikira, ya maluwa ofiira, imene ndinkaidziwa kuti ndi ya mayi wamasiye uja. Munali nyemba. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, koma palibe chimene ndinatolapo.

"Mwafika, bambo," anatero, osadzuka.

"Ndafika. Bwanji kodi?"

"M'thupi simuli bwino."

Ndinamwetulira mumtima, poganiza kuti ndi zija za azimayi oyembekezera. Ndinasamba, ndinadya nyemba za eni ake mpaka kunyambita zala, ndipo sindinadzifunse chifukwa chake mkazi wanga sanaphike. Nditakhuta ndinatulutsa mafoni.

"Lero ayi, bambo," anatero.

"Kamodzi kokha. Mawa ndi Lolemba, anthu aja andiseka."

"Ndatopa."

"Watopa chiyani? Zogwira ntchito ndi zala zokha. Tadzuka utsamire khoma."

Milomo yake inali youma. Kenako anadzikoka pang'onopang'ono, n'kutsamira khoma, n'kulandira foni.

Tinayamba. Alendo anaitanitsa supu. Ndinadula anyezi ndi tomato mwachangu, n'kuika patebulo lapakati. Kamunthu kake kanatenga, kanaika mumphika, mphika unawira. Panatsala mchere basi. Kamunthuko kanafika pamene pali mchere, n'kuima. Kenako kanaphula mphika pamoto, kanauika patebulo lapakati, kanabwerera kukatenga mchere, n'kuuika pambali pa mphikawo.

"Thirani ndinu," anatero.

"Iwe, ukutani? Mchere uli kwako! Thira!"

Sanathire. Ndinasiya mbale zimene ndinkatsuka, ndinathira mchere, n'kumukankhira mphika. Nthawi inali itapita, alendo awiri ananyamuka osadya. Mphika wachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Tinapeza nyenyezi imodzi, chinthu chimene sichinatichitikirepo kwa mwezi wathunthu.

"Tiyambenso," ndinatero, mano ndili kukukuta. "Ndipo zamasewera zakozo usiye."

Tinayambanso. Supu inawira. Kamunthu kake kananyamulanso mphika ndi mchere n'kuziika pakati.

"Bambo, mchere thirani ndinu."

"Kodi wapenga? Masiku onsewa unkathira ndani? Ukufuna undichititse manyazi pamsika?"

Kamunthu kake kankayenda mochedwa, ine n'kumaganiza kuti akuchita dala kuti andipsetse mtima. Tinapezanso imodzi. Thukuta linali litandituluka. Ndinadina kuti tiyambe kachitatu osamufunsa n'komwe.

Kachitatuko sanakweze mawu. Anaika mphika ndi mchere patebulo, n'kunena mawu omwe aja, mmene ankawanenera pakhomo la kokaphikira zaka zonse zija, motsitsa, maso ali pansi.

"Bambo, bwerani mudzathire mchere."

Munthu wina aliyense wa kwathu kuno akanamva. Mwana wa zaka khumi akanamva. Ine amene ndinamva mawu amenewa mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi sindinamve, chifukwa maso anga anali pa kamzere ka nthawi kamene kankatha pamwamba pa foni. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo.

"Ka mchere ka m'foni kokha kakukukanika! Nanga mwana akubwerayo udzamulera bwanji iwe?"

Aka kanali koyamba kuti mmodzi wa ife atchule mwanayo ndi pakamwa.

Sanalire. Anaika foni pamphasa chafufumimba, anagwira khoma ndi manja onse awiri, n'kuimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Analowa m'nyumba akukoka miyendo. M'foni mwanga mphika wina unapsa, moto unagwira tebulo, kamunthu kake kangoima pakati pa utsi. Ine ndinali ndikadali wokwiya, ndipo ndinatsala pang'ono kumutsatira kuti ndikapitirize.

"Achimwene." Anali mayi wamasiye uja, ataima kuseri kwa mpanda, nkhope ili gwa. "Tabwerani kuno."

Ndinapita, foni ili m'manja.

"Zimitsani chinthu chanucho," anatero. Ndinazimitsa. "Mlamu wanga wapita padera Lachisanu. Zinamuyamba masana ali kuchitsime. Tinamutengera kuchipatala panjinga, koma tinafika zitatha kale. Ife azimayi tinachita zoyenera kuchita, kumene amuna sapitako. Ine ndimadikira kuti mudye, mupume, ndikatenge amayi a kutchalitchi tidzakuuzeni mwaulemu wake. Lomba inu mwayamba ndinu, ndi pakamwa panupo. Mudzi wonse wamva."

Ndinagwira mtengo wa mpanda. Pamenepo m'pamene zonse zinabwera pamodzi, tsache, makapulana, mbale ya nyemba. Mkazi wopita padera saphikira mwamuna wake masiku oyambawo, ndipo sagwira mchere wa chakudya chake mpaka akuluakulu atawapatsa mankhwala onse awiri n'kuwabwezera m'nyumba. Mkazi wanga ankadziwa bwino kuti supu ya m'foni sidyedwa ndipo singadule munthu. Pakamwa pake pankalephera kunena, ndiye anandiuza m'njira imene tinkauzirana nthawi zonse.

Pano ndiye pali cholakwa changa chachiwiri, ndipo ichi sindingachikankhire kwa jogo. Ndinalowa m'nyumba. Mkazi wanga anali atagona pabedi, nkhope kukhoma. Ndikanagwada pansi, ndikanamugwira phazi n'kupepesa. Koma manyazi anga amatuluka ngati mkwiyo. Ndinaima pakhomo la chipinda n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji sunandiuze?"

Anayankha osatembenuka. "Ndakuuzani katatu."

Ndinatuluka, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa. Ndinalira, koma ndinalira ndekha, kumene iye sankandiona, ndiye sizinamuthandize kanthu. Masiku otsatira ndinkatunga madzi, kuwaza nkhuni, kumugulira mafuta odzola ndi malalanje. Ndinkaika zinthuzo pafupi naye ngati zidzandilankhulira. Koma mawu oti pepa sindinawanene. Ndinkadziuza kuti ndidzanena mawa, akapezako bwino.

Patatha sabata apongozi anga anabwera kuchokera ku Chiputo pamodzi ndi amalume ake a mkazi wanga. Anati amutenge akapume kwawo mwezi umodzi, akachira adzandiitanitsa kuti tikalandire mankhwala aja, abwerere m'nyumba. Zinali zoyenera, sindinatsutse. Ndinawaperekeza mpaka pamene anakwera lole. Iye anakhala pamatumba a chimanga, anandiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti, "Tsalani bwino, bambo." Nditabwerera kunyumba ndinapeza foni yake ili pawindo.

Mvula inayamba sabata yomweyo, ndipo inagwa ngati ili ndi chifukwa ndi ine. Amene amaudziwa msewu wa ku Chiputo akudziwa zimene ndikunena. Mitsinje inadzaza, malole anasiya kupita, ngakhale a mota ankakana. Mwezi umodzi uja unasanduka miyezi isanu. Uthenga unkabwera mwa apo ndi apo ndi anthu oyenda pansi, woti ali bwino, akulima ndi amayi ake. Wonena za ine panalibe.

Kubaraka anthu aja sanaiwale. "Mano, nyenyezi zitatu zija zili kuti?" Ndinkangoti mayi adwala, apita kwawo. Lamlungu lina masana, mvula ikugwa, ndinayatsa mafoni onse awiri, ina kudzanja lamanja, ina kumanzere, kuti ndiyese ndekha. Sizitheka. Ukamayendetsa kamunthu kamodzi, kenako kamangoima, manja ali lende, kakuyang'ana kutsogolo. Ndinakayang'ana kamunthu kake kaja nthawi yaitali, mpaka miphika yonse inapsa.

Tsiku lina wa ku Manica uja anandikakamiza kuti tiyese limodzi gawo lomalizalo. Ndinavomera kuti andisiye. Iye anatenga miphika, ine mpeni ndi mbale. Sindinakalipe, sindinathamange, ndinkangodula ndi kutsuka ngati munthu wogwira ganyu. Tinapeza nyenyezi zitatu ulendo woyamba womwewo. M'foni munalira kanyimbo, tianthu tija tinayamba kudumphadumpha, benchi lonse linakuwa ndi kundimenya pamsana. Ine ndinabweza mafoni a anthu asanadzaze, ndinatseka baraka dzuwa lili pamutu, n'kupita kunyumba.

Mvula itasiya, madzi ataphwera, ndinanyamuka. Ndinatenga shuga, sopo, kapulana yatsopano ndi foni yake, nditaitchaja mpaka kudzaza. Mota inandisiya pamtsinje, kotsalako ndinayenda pansi theka la tsiku, matope akugwira nsapato. Njira yonse ndinkabwereza mawu amene ndikanene.

Apongozi anandilonjera ali chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wathu. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo. Amalume aja anabwera kudzakhala nane, tinakamba za msewu, za chimanga, za njovu zimene zinawononga minda kutsidya. Kenako anatsokomola.

"Akamwini, mankhwala tinakonza kalekale. Sing'anga alipo, azimayi alipo. Koma mwana wathuyu akukana kumwa. Tamukhazika pansi kangapo. Ife sitingamutsegule pakamwa. Mulankhule naye nokha."

Mkazi wanga anabwera kuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Thupi linali litabwerera, nkhope yoderako ndi dzuwa. Anaika khasu pansi, anagwada chapatali, n'kundipatsa moni ngati mlendo wochokera ku boma. Amalume anadzuka, ati akaone mbuzi.

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangoti, "Mayi, ndinalakwa. Pepani. Ndinalakwa kwambiri."

"Ndamva," anatero.

"Tiyeni kunyumba. Jogo ija ndichotsa, mtima wangawu ndiusintha."

"Jogo sinalakwe, bambo. Ine ndinkaikonda." Anatola kamtengo n'kumakanda nako pansi. "Kukalipa kwanu ndinakuzolowera, sikumene kwandikhazika kuno. Miyezi itatu ija ndinkadikira tsiku limene mudzamutchule mwana wathu. Ndinkaganiza kuti mudzanena bwanji, mudzaseka kapena mudzalira. Munamutchula kamodzi kokha. Ndikatseka maso ndimamva mmene munamutchulira, iye ali kale m'dothi. Ndayesa kuti ndiiwale, ndapemphera, sizikuchoka."

Ndinatulutsa foni yake n'kuiika pamphasa pakati pathu. Anaiyang'ana, anakhudza pangodya yothyoka paja ndi chala, n'kuikankhira kwa ine.

"Kuno kulibe potchajira," anatero. Anadzuka, n'kupita kokaphika.

Ndinakhala pamenepo ndikudzinamiza. Ndinkati poti wapita kukaphika yekha, mwina mtima wake wafewa. Ndinkamuona chapatali akusinja mtedza, akusadzula nkhwani, akukoleza moto, manja ake akuyenda mwachangu monga kale. Ndinaona akutapa ndiwo zina n'kuziika m'kamphika kena pambali, koma sindinafune kuganiza chifukwa chake.

Chakudya chinabwera. Amalume anabwerera, tinasamba m'manja. Ndiwo za amalume zinali m'mbale yawo, zanga m'mbale ina. Mkazi wanga anagwada, anaika mbale yanga patsogolo panga, ndipo pambali pake anaika chivundikiro cha chitini, muli mchere.

"Za amalume ndathira kale," anatero. "Zanu sindinathire. Mchere ndi uwo, bambo. Muzithira nokha."

Amalume anayang'ana pansi. Apongozi, amene anali ataima pafupi ndi nkhokwe, analowa m'nyumba. Panalibe wofunika kundimasulira. Ulendo uno ndinamva koyamba komweko.

Ndinatapa mchere, ndinawaza pankhwani, ndinadya pang'ono kuti ndisanyoze eni khomo. M'mawa mwake ndinanyamuka kubwerera ku Fingoe, shuga ndi sopo nditasiya, mafoni awiri ali m'thumba. Ankhoswe anamaliza zotsalazo, zothetsa ukwati wathu, chaka chomwecho.

Panopa ndimaphika ndekha. Ndinaphunzira, ndipo mthiko ndikudziwa pamene umakhala. Ndiwo zikawira ndimatsegula chitini chomwe chija, n'kuthira mchere, tsiku lililonse la mwezi.